Tsiku Limene Akapitawo Anakana Kulowa mu Ofesi

Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki pa sitolo ina ya ku Feira, m'mphepete mwa Zambezi, masiku a Chitaganya, ndevu zikungoyamba kumera. Ndinachoka kwathu ku Katete ndi kasutikesi ka malata, cholembera cha inki, ndi mtima wodzimva ngati ndine bwanamkubwa. Mwini sitoloyo ankakhala ku Lusaka ndipo ankabwera mwa apo ndi apo, chifukwa msewu unali wothyola msana, komanso kutentha kwa kuchigwa ankakuopa. Munthuyo anali ndi matenda amodzi okha, matenda a malipoti. Kwa iye chinthu chimene sichinalembedwe sichinachitike. Denga likadontha inu osalemba, ndiye kuti silinadonthe, ngakhale madzi akufikeni m'mawondo.

Anandisiyira mitundu ingapo ya malipotiwo, uliwonse ndi kalembedwe kake. Panali lipoti la mwezi, lonena katundu amene wayenda malonda ndi amene wangokhala pa shelefu kudikira chiswe. Limeneli silinkavuta, pakuti mwezi uliwonse mchere unkatha, sopo ankatha, ndipo zipewa zachizungu zimene abwana anagula mwa nzeru zawo zokha zinkangotiyang'ana. Panali lipoti la khalidwe la antchito, la pakutha pa chaka. Mmenemo aliyense ndinkamulemba kuti ndi wakhama, chifukwa onse anali aakulu kwa ine ndipo ena anali ndi zibakera ngati maungu. Panali lipoti lopereka maganizo, lopempha chinthu chatsopano ndi kufotokoza phindu lake. Ndinalembapo limodzi lopempha njinga, ndipo yankho lake ndikulidikirabe mpaka lero.

Ndiye panali lipoti la ngozi, mfumu ya malipoti onse. Linali ndi mitu yake yoti uitsate osadumpha: zinachitika liti, zinachitikira kuti, analipo ndani, chawonongeka n'chiyani, chinachititsa n'chiyani, nanga tichite chiyani kuti zisadzachitikenso. Limeneli ndinali ndisanalembepo, ndipo ndinkalilakalaka koopsa. Ndinkangofuna kangozi kakang'ono, kopanda maliro, kuti abwana aone mmene Chingelezi changa chimavinira chikapeza bwalo.

Koma limene ndinkalikonda ndi mtima wonse linali lipoti la ulendo. Sitolo yathu inali ndi bwato lalikulu la matabwa, limene linkakwera Zambezi ndi mchere, shuga, nsalu ndi palafini kupita ku kasitolo kena ku Kavalamanja, n'kubwerako ndi nsomba zouma. Mkulu wa opalasa tinkangowatchula kuti akapitawo. Anali Mchikunda wa ku Kavalamanja komweko, wamfupi, wa chifuwa chotakata, ndipo akaseka ankamveka mpaka kutsidya ku Zumbo. Kulemba sankadziwa, choncho ulendo uliwonse ukatha ankabwera mu ofesi yanga, kachipinda ka kuseri kwa sitolo, n'kukhala pa thumba la mchere, n'kutulutsa kachitini ka fodya wa mphuno.

"Kalaliki, nola pensulo yako, lero nkhani ni yaitali," ankatero.

Akatero ankayamba malonje, kufotokoza ulendo wonse kuyambira pa khomo la nyumba yawo, osasiya ngakhale mbalame imene inawadutsa kutsogolo. Ankanena amene anadzuka mochedwa, amene anaiwala nkhafi, mphepo kumene inkachokera, ng'ona imene inali pa mchenga ndi mmene inawayang'anira.

"Baba, abwana afuna chabe kudziwa ngati katundu wafika," ndinkawadula.

"Katundu afike bwanji bwato isananyamuke? Iwe lemba kuti tinanyamuka. Manja yako yofewa monga papaya yakupsa, nkhafi siungagwire, lomba na pensulo yomwe yakulema?"

Nkhani ya m'mawa wonse ndinkaipanikiza mpaka ikwane theka la pepala. Ndikawawerengera, ankapukusa mutu n'kunena kuti ndadya mnofu wonse wa nkhani yawo, abwana ndawatumizira minga yokha. Kenaka ankandipatsa fodya, ine n'kuyetsemula mpaka misozi, iwo n'kuseka mpaka kugwa pa thumba. Ndinkawakonda mkulu ameneyu. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo kudziko la eni kuja panalibe wina amene ankandinyoza mokoma chotero.

Vuto linabwera pa bwato lomwelo, litakhala pamwamba pa mitolo ya nsomba, dengu la matimati lili pamiyendo. Anali mwana wawo wamkazi. Ankalima dimba ndi mayi ake ku Kavalamanja, ndipo nthawi zina ankatsika ndi bambo ake kudzagulitsa ndiwo pa Boma la Feira. Tsiku loyamba analowa m'sitolo wogulitsa atatuluka, ine n'kuthamangira pa kauntala ngati ndi ntchito yanga. Ananena chimene ankafuna. Ine makutu anali atatseka, maso okha ndiwo ankagwira ntchito, ndipo ndinamukulungira bwinobwino kaphukusi n'kumupatsa ndi manja awiri.

Anatsegula, nayang'ana, nandiyang'ana. "Akalaliki, nati singano. Izi ni mbedza. Mufuna nisoke nazo chani?"

Kuyambira tsiku limenelo bwato likamaoneka patali, ine ndinkapezeka kale kudooko, ati kudzawerenga mitolo ya nsomba. Tinayamba kucheza pang'onopang'ono, iye akundiseka, ine ndikusangalala kusekedwa. Nditalimba mtima n'kumuuza za kukhosi, anakumba mchenga ndi chala cha kuphazi kwa kanthawi, kenaka anati, "Kambani na baba. Ine sindine nsomba yakuti mungotola pa mchenga."

Pakhonde la sitolo pankakhala telala wachikulire, Mnsenga, wokonda nkhani kuposa kusoka. Iyeyu ndiye ndinamupempha kuti akhale mkhalapakati wanga, pakuti abale anga anali kutali. Anavala jekete lake la ku tchalitchi, napita nawo mawu anga kwa akapitawo monga mwa mwambo. Ine ndinatsala ndikuzungulira mu ofesi ngati nkhuku yofuna kuikira. Atabwera ndinamulandirira panjira.

"Akuti chiyani, atelala?"

"Akuti amva."

"Amva, ndiyeno?"

"Ndiyeno chani? Amva. Munthu ali na makutu."

Masabata anapita. Akapitawo ankabwerabe mu ofesi, kukhala pa thumba lawo, kundinyoza za manja anga, kundiyetsemulitsa ndi fodya, koma za mwana wawo osatchulako ngakhale pang'ono. Mwanayo anasiyanso kutsika ndi bwato. Ine chakudya chinasiya kukoma. Tsiku lina ndinkadzuka ndikuimba, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti avomera, mawa lake n'kudzuka ndikudziona kuti ndine mlendo wopanda munda, wopanda bwato, woti palibe bambo wanzeru angamupatse mwana. Lipoti la mwezi umenewo ndinalemba za sopo kawiri, mchere n'kuuiwala. Linabwerera pa lole ya makalata lili ndi funso la inki yofiira m'mphepete, lofunsa ngati kalaliki akudwala malungo.

Inali nyengo ya dzuwa loswa mtengo, mtsinje utaphwa, michenga ili poyera. Bwato linanyamuka m'mawa wina litadzaza katundu, ndipo tinkaliyembekezera patapita masiku angapo. Koma mawa lake masana tinamva phokoso kudooko. Ndinathamangirako n'kupeza bwato lathu likukocheza lopanda kanthu, thabwa limodzi litatsekedwa ndi nsanza, opalasa ali matope okhaokha koma akuimba. Mvuu inali italitukula pansi n'kuligubuduza. Mwamwayi panali pafupi ndi mchenga, onse anasambira n'kupulumuka, ndipo asodzi anawathandiza kulitembenuza. Palibe anavulala, kupatula mkulu wina amene buluku lake linapita ndi madzi, nafika pa Boma atavala thumba la shuga. Mchere wonse unasungunuka. Anthu ankati nsomba za chaka chimenecho zidzavuuka zothira kale.

Nditaona kuti onse ali moyo, mtima unayamba kuvina. Ngozi yanga ija inali itafika, yopanda maliro, ndiponso ya mvuu! Ndinathamangira ku ofesi, ndinadzaza inki, ndinatulutsa pepala la kaboni latsopano, ndinakokera thumba la mchere pamalo pake n'kulipukuta. Ndinkadziwa kuti malonje a tsiku limenelo adzakhala okoma kuposa onse, ndipo ndinali nditakonzeka kuseka mpaka nthiti kuwawa.

Ndinadikira, koma pakhomo sipanaoneke munthu. Nditasuzumira pawindo ndinawaona akapitawo atakhala pansi pa mtengo wa masawu, kuseri kwa sitolo, pafupi ndithu moti ndikanawaponyera pensulo. Koma anali atandifulatira.

"Baba, lowani! Thumba lanu lili pano!" ndinakuwa.

Sanatembenuke. Anangokweza dzanja kukodola telala, amene anasiya makina ake napita kukagwada pambali pawo. Ananong'onezana, kenaka telala anabwera pawindo nkhope ili gwa ngati ya m'khoti.

"Akuti sangalowe. Akuti mafunso yanu mupatse ine, nizapereka."

Munthu amene dzana lomwe ankandikoka khutu, lero sakufuna n'kundiona komwe. Ndinangoti basi, yankho lija lafika. Andikana, ndipo akusowa pondiyambira.

Ntchito ndi ntchito, ndinakhala pansi n'kugwira cholembera. Telala anaima pakati pa windo ndi mtengo, ngakhale tonse tinkamvana bwinobwino popanda iye, ndipo mawu aliwonse ankawanyamula n'kukawatula ngati mtolo.

"Afunseni kuti ngoziyi inachitika liti."

"Akuti ngozi inachitika liti?"

"Muwauze akuluwo kuti dzuwa inali itapendeka," anayankha akapitawo, akulankhula ndi tsinde la mtengo.

"Akuti dzuwa inali itapendeka."

Akuluwo! Ine amene ndinali iwe, kalaliki wa manja a papaya, tsopano ndasanduka akuluwo. Mawu amenewo anandilasa kuposa kutukwanidwa. Ndinafunsa malo, ndipo anatchula kachilumba kena ka pafupi ndi tsidya lija la mtsinje. Ndinadabwa, chifukwa njira ya bwato lathu inkatsata gombe lathu lino, ndipo akapitawo ankadziwa dziwe lililonse la mvuu monga adziwira mabwalo a m'mudzi mwawo.

"Afunseni kuti kutsidya ankakatani ndi katundu wa kampani."

"Muwauze akuluwo kuti ninapita kwa mlongo wanga."

"Kukatani kwa alongo awo?"

Telala anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga masawu.

"Muwauze akuluwo kuti izo si za kampani. Alembe kuti ninaoloka, nakhala pang'ono, nabwerera. Pobwerera ndiye tinakumana na mai wa mwana."

Anafotokoza za mvuuyo, kuti inali ndi kamwana, kuti inayamba yamira, madzi n'kuchita bata, kenaka bwato lonse linakwera m'mwamba. Potambasula manja kusonyeza kukula kwa kamwa lake, ankasonyeza mtengo, osati ine. Nkhani yoti tsiku lina ikanatenga m'mawa wonse inatha fodya asanatsinidwe n'komwe. Ndinayesa kuponya kanthabwala, kufunsa ngati thumba la shuga lovalidwa lija ndililembe pa katundu wowonongeka kapena wopulumuka. Ndinaona mapewa awo akugwedezeka, koma chiseko anachimeza. Atatha anaomba m'manja pang'onopang'ono, nadzuka, nazungulira njira yaitali ya kuseri kwa nkhokwe kuti asadutse pakhomo panga.

Ndinagwetsa mutu pa tebulo. Sindichita manyazi kunena kuti ndinalira, ndipo misozi inadontha pa kaboni wanga watsopano. Telala analowa, naima pambali panga, tepi yake ili m'khosi.

"Lomba ulira chani, mphwanga?"

"Andikana, atelala. Simunaone? Sakufuna n'kundiyang'ana komwe."

Telala uja anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsamira chitseko, anaseka mpaka kutsokomola, ine ndikumuyang'ana ndi mtima wofuna kumuponyera botolo la inki.

"Iwe, sukulu inakudya mutu," anatero akupukuta maso. "Munthu akakukana amakuthawa? Akakukana amabwera, akhala pa thumba yako, aseka na iwe monga kale, chifukwa ndiwe munthu wamba chabe. Kuno kumtsinje mwana mkazi saperekedwa azakhali ake asanavomere. Ndiye chimene anaolokera. Azakhali avomera, mphwanga! Mkulu uja lomba ni apongozi ako. Sangakhale na iwe m'chipinda chimodzi, sangadye na iwe, sangakuyang'ane pa maso. Msana uja ndiye yankho yako."

Kwathu ndinkadziwa kuti mkamwini amathawana ndi apongozi aakazi, koma bambo wosunga mwambo mpaka pamenepo ndinali ndisanamuonepo. Ndinakhala kukamwa kuli yasa. Kenaka china chake chinandinyamula. Ndinadumpha, tebulo linagwedezeka, inki inatayikira pa malaya anga oyera, ine osasamala. Ndinamukumbatira telala n'kumuzunguza mpaka anakuwa kuti ndimuthyola nthiti. Ndinatuluka opanda nsapato, mchenga ukuotcha ngati chiwaya, ndikupereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa mbuzi za wapolisi. Kudooko ndinalowa m'madzi ndi zovala mpaka m'chiuno, ndikukuwira kumtunda kwa mtsinje kuti zikomo amayi mvuu, Mulungu akudalitseni pamodzi ndi mwana wanu. Amayi ochapa anandikalipira kuti ndituluke msanga ng'ona isanandimve, ndipo wina anati kalaliki wa sitolo dzuwa lamulowa m'mutu.

Lipoti ndinalilemba madzulo omwewo, malaya akadali onyowa, miyendo ikuvina pansi pa tebulo. Telala anandiuza kuti akapitawo alamula kuti ndilembe zonse mmene zinachitikira, za kuoloka zomwe, chifukwa iwo sanabe kanthu ndipo sabisa njira imene anayenda. Ndinatsata mitu yonse mwaulemu. Nthawi ndinalemba, malo ndinalemba, mayina a opalasa, mchere, shuga, nsalu zimene zinayanikidwa pa mchenga, thabwa losweka. Chingelezi chinkatuluka chokha ngati madzi a pa kasupe. Pofika pa mutu wa chimene chinachititsa ngozi, ndinalemba kuti zinthu zake ndi ziwiri, mvuu ya mwana ndi ukwati wa kalaliki, ndipo ndinafotokoza bwino lomwe za azakhali a kutsidya ndi udindo wawo. Pa mutu wotsiriza, wa zoyenera kuchita kuti zisadzachitikenso, ndinatsimikizira abwana kuti asade nkhawa, ngozi ya mtundu umenewu singabwerenso, pakuti akapitawo ali ndi mwana wamkazi mmodzi yekha ndipo kalaliki akufuna kukwatira kamodzi kokha.

Nzeru zinandibwerera lole ya makalata itapita kale, fumbi lokha likuoneka. Ndinaima pamsewu ndikudzifunsa kuti kodi ndalemba chiyani. Abwana akanatha kutichotsa ntchito tonse awiri, ndipo ndi bambo uti angasunge lonjezo kwa mkamwini amene wamuchotsetsa ntchito ndi cholembera? Masiku odikira yankho ndinaonda kachiwiri. Koma litafika, inki yofiira inali yochepa. Analemba kuti bwato likonzedwe, ndipo lisaolokenso popanda chilolezo ngakhale kutsidyako kukhale azakhali angati. Pansi pake anawonjezera kuti ukwatiwo uchitike Loweruka sitolo itatsekedwa, ndipo kalaliki atumize lipoti lake.

Tinakwatirana anthu atakolola, ndipo mkazi wanga anatsika kudzakhala nane pa Boma. Za maulendo a bwato ankadzandiuza tsopano ndi wachiwiri kwa akapitawo, munthu wosakonda kulankhula, amene ankaima pakhomo n'kunena kuti tapita, tafika, tabwera, katundu ali bwino. Malipoti anga a ulendo anakhala aafupi ndi olongosoka, moti abwana anandiyamikira.

M'mawa wina ndikupita kudooko, pa kanjira kodutsa m'bango, ndinawaona apongozi anga akubwera, nkhafi ili paphewa. Ndinali ndi nthabwala imene ndinaisunga sabata yonse, ya wapolisi wina amene anagwa m'bwato akufuna kuonetsa asodzi kapalasidwe, ndipo ndinkadziwa kuti padziko lonse munthu woimva bwino ndi iwowo. Ndinaiwala zonse, ndinafulumiza mapazi, pakamwa panatseguka.

"Baba..."

Anapatuka msanga kulowa m'bango, nanjuta atayang'ana kumbali, nayamba kuomba m'manja mofatsa. Nanenso ndinapatukira mbali inayo, ndinanjuta, ndinaomba m'manja. Tinakhala choncho, njira ili pululu pakati pathu, aliyense akudikira kuti mnzake adutse. Ndinamva chisoni chimene sindinachiyembekezere, chifukwa pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti si za sabata imodzi kapena chaka chimodzi. Anakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake, ankatitumizira nsomba zonona, ana anga ankawanyamula paphewa, koma ine sanandinyozenso ngakhale kamodzi.

Tsiku limenelo ndinadutsa ndine, nditawerama. Nthabwala ija ndinakamuuza mkazi wanga madzulo, n'kumupempha kuti akawauze bambo ake kudooko mmene ndanenera ine, osasintha kanthu. Anapita m'mawa mwake ndi chakudya chawo. Atabwera anatula dengu pansi, nandiyang'ana.

"Aseka," anatero.